Njinga yamoto ikamadukiza mwa apo ndi apo

Njinga yamoto imene yakaniratu kulira siivutitsa makaniko kwenikweni. Amavula pulagi kuti aone ngati moto ukufika, amatsegula kunsi kwa kabureta kuti aone ngati petulo akutsika, ndipo ola lisanathe amakhala atadziwa pamene pagona vuto. Yozunguza mutu ndi ija yolira bwinobwino m'mawa, n'kuyenda maulendo angapo popanda chodandaulitsa, kenaka pakati pa chitunda n'kuyamba kudukiza, kumugwedeza wokwera ngati ikuzima, n'kuchira yokha. Mwini wake akafika nayo pagalaja, imalira mosalala. Makaniko amaipatsa moto ili chiimire, amamvetsera, amazungulira nayo kamodzi kuseri kwa msika, n'kunena kuti sakuona cholakwika. Ndipo sakunama: pa nthawi imeneyo cholakwikacho palibedi.

Apa ndi pamene ndalama za akabaza ambiri zimathera. Lero agula pulagi, mawa koyilo, mkuja wina awauza kuti ndi CDI, kabokosi kolamulira moto wa pulagi. Chilichonse chikasinthidwa njinga imaoneka ngati yachira, popeza vutolo n'lobwera n'kuchoka kale, ndiye munthu amabwerera pa siteji akusangalala mpaka litamugwiranso ali ndi kasitomala kumbuyo. Kwa munthu amene ayenera kupereka ndalama ya tsiku kwa mwini njinga n'kutsalanso ndi ya ufa, kugula zipangizo mongoyerekeza chotere kumapweteka kwambiri. Koma vuto lotere silibwera mwachisawawa. Lili ndi nyengo yake: limadikira kuti injini itenthe, kapena kuti msewu ukhale wa mabampu, kapena kuti kugwe mvula, kapena kuti akisileta ifike pamalo ena ake. Ntchito yaikulu ndi kupeza nyengo imeneyo. Ikapezeka, zinthu zoti n'kuzikayikira zimatsala ziwiri kapena zitatu basi.

Injini za njinga zambiri za m'misewu yathu, kaya ndi Bajaj Boxer, TVS HLX, kapena zochokera ku China zotengera kapangidwe ka Honda CG125 imene inatuluka mu 1975, zili ndi silinda imodzi ndipo zimagwira ntchito m'magawo anayi. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya wosakanikirana ndi petulo, ikamakwera imaupanikiza, pulagi imathetheka n'kuuyatsa, ndipo kuphulikako kumakankhira pisitoni pansi, ikamakweranso imatulutsa utsi. Injini ikazungulira kawiri, kuyaka kumachitika kamodzi. Choncho ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, monga imachitira pamsewu wa tala, payenera kuyaka ka 50 pa sekondi iliyonse. Kudukiza ndi pamene maulendo ena mwa amenewa adutsa osayaka, kapena ayaka mofooka. Pagalimoto ya masilinda anayi, imodzi ikaphonya zinzake zimabisa. Panjinga ya silinda imodzi palibe chobisa, n'chifukwa chake wokwera amamva kuphonya kulikonse m'manja ndi m'chiuno. Petulo amene sanayake uja akakaphulikira mu ekizozi, ndiye phokoso lija la "pha! pha!" limene limadzidzimutsa oyenda pansi.

Kuti kuyaka kuchitike pamafunika zinthu zitatu pa nthawi imodzi: moto wamphamvu wa pulagi wofika pa nthawi yake, mpweya ndi petulo zosakanikirana pa mlingo woyenera, ndi kupanikiza kokwanira m'silinda. Mlingo woti petulo weniweni apse yense ndi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo, ngakhale injini imapirira mlingowu ukapendekera pang'ono mbali iliyonse. Vuto lililonse lodukiza limalowa m'limodzi mwa magulu atatuwa. Koma musanafike kumeneko, onani kaye kuti chikugwedeza njingacho ndi injinidi. Tcheni cholendewera kapena chouma malo ena, ndi mano a sipuloketi akutha, zimagwedeza njinga mofanana kwambiri ndi kudukiza, makamaka poyenda pang'onopang'ono pa giya yaikulu. Mukagwira kilatchi n'kupatsa injini moto, iyo n'kumalira bwino, yang'anani kumbuyo musanamasule chilichonse kutsogolo.

Mboni yaikulu pa mlandu umenewu ndi wokwera, ndipo makaniko wabwino amayamba ndi pakamwa, sipanala ili pansi. "Achimwene, imayamba mutangoliza kumene, kapena mutayenda kaye? Mukaima n'kudikira pang'ono imachira? Imachita mukamakoka moto wonse, kapena mukamayenda pang'onopang'ono? Pamsewu wafumbi ndi pa tala n'chimodzimodzi? Mukakhotetsa chiwongolero pali chimasintha? Munathira kuti petulo womaliza? Munaitsuka liti? Ndani anagwirapo komaliza, ndipo anakonza chiyani?" Funso lomalizali anthu amalipeputsa, chonsecho mavuto ambiri odukiza amayamba munthu atangoikitsa alamu, mababu owonjezera, wailesi kapena potchajira foni, zimene amazilumikiza pocheka mawaya n'kungopotokola ndi zala. Wokwera naye azitchera khutu. "Imangovuta nthawi zina" si yankho limene makaniko angagwirepo. "Imayamba ndikayenda mphindi 20, ndipo ikazizira imalira bwino" ndi theka la ntchito latha.

Mmene kudukizako kumamvekera kumaloza njira. Vuto la magetsi limadula mwadzidzidzi: injini imasowa mphamvu kamodzi n'kamodzi ngati wina wazimitsa kiyi n'kuyatsanso, ndipo kawirikawiri pamatsatira kuphulika mu ekizozi, chifukwa petulo anali akulowabe moto kulibe. Vuto la petulo limabwera mozemba: mphamvu zimachepa pang'onopang'ono, injini imakhala ngati ikutsamwa, mukabweza akisileta pang'ono imapezako bwino. Lamuloli si la nthawi zonse, koma limathandiza kusankha poyambira.

Ku mbali ya magetsi ndi kumene anthu amanamizika kwambiri, ndipo chimene chimawanamiza ndi mayeso amene aliyense amawakhulupirira. Munthu amavula pulagi, amaigunditsa pa injini, amaponda kiki, amaona kamoto kabuluu n'kunena kuti magetsi ali bwino. Koma pulagiyo yathetheka panja, pamene mpweya suli wopanikizika. Mu 1889 katswiri wina wa ku Germany, Friedrich Paschen, anaonetsa kuti mphamvu ya magetsi yofunika kuti moto udumphe mpata imadalira kukula kwa mpatawo komanso kupanikizika kwa mpweya umene uli pakati. M'silinda, pisitoni ikafika pamwamba, mpweya umakhala utafinyidwa kuchokera pa malo aakulu kufika pa gawo limodzi mwa magawo 9 kapena kuyandikira pamenepo, ndiye moto umafuna mavoti ochuluka kangapo kuposa panja. Mukakoka akisileta yonse pachitunda, m'silinda mumalowa mpweya wambiri, kupanikizika kumakwera, ndipo pamafunika mavoti oposa pamenepo. Koyilo yofooka imakwanitsa panja, imakwanitsanso injini ikamalira ili chiimire, n'kukalephera pachitunda pokha. N'chifukwa chake mayeso oyenera ndi kuona ngati moto ukudumpha mpata wa mamilimita 6 kapena 7 kuchokera kunsonga ya waya wa koyilo kupita pa chitsulo cha injini. Ukadumpha pamenepo mwamphamvu, udzakwanitsa ndi m'kati. Pochita izi wayayo agwiridwe ndi pulaya ya zogwirira za mphira, ndipo pasakhale petulo wotayikira pafupi.

Pulagi yeniyeniyo ndiyo yotsika mtengo pa zonse, ndiye palibe cholakwika kuyambira pamenepo, bola muione bwino musanaitaye. Pa injini za mtundu wa CG125 mpata wa pulagi umayenera kukhala mamilimita 0.6 mpaka 0.7. Nsonga zikamatha mpatawo umakula, mavoti ofunika amakwera, ndipo kuphonya kumayamba pamene injini ikukoka katundu. Yang'anani pa dothi loyera la kunja kuja: kamzere kakang'ono kakuda kotsika m'litali ndi chizindikiro chakuti moto wakhala ukuthawira kunja m'malo molowa m'silinda, ndipo ukapeza kale njira imeneyo suisiya. Palinso nkhani ya mapulagi achinyengo. Kampani ya NGK yakhala ikuchenjeza za mapulagi olembedwa dzina lake koma osapangidwa ndi iyo, ndipo otere amatha kuvuta ali atsopano. Munthu amene wasintha pulagi n'kuona vuto likupitirira asafulumire kunena kuti pulagi yatuluka m'gulu la zokayikiridwa, ngati sakudziwa kumene inachokera. Kapu yovala pamutu pa pulagi nayo ili ndi zake. Makapu ambiri amakhala ndi resistor ya ma ohm pafupifupi 5,000 m'kati, imene imatha kupsa, ndipo kapuyo imangokulungidwa pa waya ngati sikuluwu, ndiye nsonga ya wayayo imachita dzimbiri kapena kukhwepa. Kudula sentimita imodzi ya wayayo n'kukulunganso kapu kwachiritsa njinga zambiri zimene zikanagulidwira koyilo. Njinga yodukiza mvula ikagwa, kapena itangochoka kotsukitsa, n'kuchira dzuwa likawala, imakhala ikuloza pamalo omwewa.

Vuto lodikira kutentha ndilo lofunika kuleza mtima kwambiri. Koyilo ya moto, koyilo ya m'maginito imene imadyetsa CDI, ndi kakoyilo ka pickup kamene kamauza CDI nthawi yothetheka, zonse ndi waya wa kopa woonda ngati tsitsi, wokulungidwa maulendo ochuluka. Waya wotere ukathyoka m'kati, nsonga ziwirizo zimatha kumagundanabe kukazizira. Injini ikatentha zinthu zimafutukuka, nsongazo zimasiyana, moto n'kusowa. Wokwera amaima m'mbali mwa msewu, amadikira mphindi 10 kapena 15, injini imazizira, nsonga zimagundananso, njinga n'kulira ngati palibe chinachitika. Makaniko akayeza koyilo imeneyi ndi multimeter m'mawa kukuzizira, imaonetsa nambala yolondola. Ayeze itatentha, vuto lili pomwepo. Kukwera pang'ono kwa ma ohm si vuto, chifukwa kopa amatero mwachibadwa, pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse. Chizindikiro ndi pamene nambala ikudumphadumpha kapena kusoweratu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano kudekhako kukutanthauza kuyenda ndi njinga mpaka itavuta, zida zili m'thumba, n'kuyeza pomwepo isanazizire.

Vuto lodikira mabampu ndi la mawaya. Njinga zotengera Honda zambiri zimatsatira mitundu yofanana ya mawaya a CDI: wobiriwira ndi wa earth, wakuda wa mzere wachikasu amapita ku koyilo, wakuda wa mzere wofiira amachokera ku maginito, wabuluu wa mzere wachikasu kapena woyera amachokera ku pickup, ndipo wakuda wa mzere woyera ndi wozimitsira. Womalizayu ndi wofunika kumumvetsa. Pa njinga zotere kiyi sazimitsa injini podula magetsi, koma pogunditsa waya ameneyu ku chitsulo cha njinga kuti moto uthawire kumeneko. Ndiye wayayu akasupuka penapake n'kumakhudza felemu pabampu, kapena swichi ya kiyi ikalowa madzi ndi dzimbiri, injini imazima kwa kanthawi kosakwana sekondi n'kuyakanso. Mayeso ake ndi aulere: chotsani waya ameneyu pa CDI n'kuyenda pamsewu womwe uja. Vuto likatha, mwadziwa kuti koyilo ndi CDI zilibe mlandu. Kumbukirani kokha kuti mukatero kiyi sazimitsanso injini, ndiye poima muyenera kuizimitsa ndi giya, ndipo wayayo abwezeretsedwe mayeso akatha. Malo amene mawaya amathyoka kwambiri ndi pakhosi pa njinga, pamene mtolo wonse umapindika nthawi iliyonse chiwongolero chikakhota. Injini ikulira chiimire, khotetsani chiwongolero uku ndi uku, gwedezani mtolowo ndi dzanja, gwedezani kiyi, kokani pang'ono cholumikizira chilichonse. Kulira kukasintha, dzanja lanu lili pa vuto. Waya amatha kuduka m'kati pulasitiki ya kunja ili yosang'ambika. Mukamukoka amatamuka ngati mphira pamalo odukawo.

Ndi bwino kudziwanso ngati CDI ya njinga yanu imadya magetsi a maginito kapena a batire. Ya maginito ilibe nalo ntchito batire, njinga imalira ngakhale batire litachotsedwa. Ya batire imadalira kuti magetsiwo akhale okhazikika, ndiye mutu wa batire wokhwepa, fyuzi yogwedera m'nyumba yake, kapena regulator yotopa zimadukizitsa injini. Batire labwino limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo injini ikamazungulira mwamphamvu pamafunika kuoneka pakati pa 13.5 ndi 14.5. Njinga yodukiza usiku wokha, nyali zikayaka, kapena pamene mwaliza hutala, ikunena za mbali imeneyi. Za CDI yeniyeniyo, maganizo anga ndi akuti imasenzetsedwa milandu yambiri imene si yake. Ndi kabokosi komata, sikatsegulika, multimeter wamba siingakayeze mokhutiritsa, ndipo kamasinthika m'mphindi imodzi, ndiye n'kosavuta kukaloza chala. Kamafadi nthawi zina, koma kayenera kukhala komaliza kukayikiridwa, zonse zolowa ndi zotuluka mwa iko zitayezedwa. Njira yanzeru ndi kubwereka ka mnzanu wa njinga yofanana kwa theka la tsiku, osati kugula.

Ku mbali ya petulo, choyamba kuyesa n'chimene ambiri sachiganizira: chivundikiro cha thanki. Chili ndi kabowo kolowetsa mpweya kuti petulo akamatsika, malo ake alowe mpweya. Kabowoko kakatsekeka ndi fumbi kapena dzimbiri, petulo amatsika bwino poyamba, kenaka m'thanki mumayamba kukoka, petulo n'kumadontha pang'onopang'ono mpaka kabureta kuuma. Njinga imafooka itayenda mtunda ndithu, makamaka pothamanga, imazima, ndipo ikapuma imalira. Zizindikiro zake zimafanana kwambiri ndi za koyilo yotentha ija, ndipo anthu ambiri agula koyilo chifukwa cha kabowo kameneka. Kusiyanitsa n'kosavuta. Ikangoyamba kuvuta imani, tsegulani chivundikiro khutu lili pafupi. Mukamva mpweya ukulowa ndi kaphokoso, njinga n'kuchira nthawi yomweyo osadikira kuzizira, nkhani yatha. Kasefa ka m'kati mwa mpopi wa thanki ndi fyuluta ya pa paipi zikadzaza zinyalala zimachitanso chimodzimodzi: petulo amakwana poyenda pang'onopang'ono, n'kuperewera pothamanga. Chotsani paipi pa kabureta, tsegulani mpopi, muone ngati petulo akutuluka mosadukiza kwa mphindi yathunthu, osati masekondi awiri okha.

Kenaka pali madzi, ndipo kuno kwathu nkhani ya madzi ili ndi mbali yake. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ntchito imene inayamba ku Dwangwa mu 1982 ndipo pano ikuchitikanso ku Chikwawa. Ethanol amamwa madzi. Akakhala ochepa amasungunuka m'petulo n'kupsera limodzi popanda vuto, koma akapitirira mlingo, madzi ndi ethanol zimalekana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki. Pamsewu wosalala zimangokhala pansipo; pamabampu zimavunduka, kadontho n'kutsikira mu kabureta, injini n'kutsokomola kangapo mpaka kadonthoko katadutsa. Mpopi ukaikidwa pa rizevu umatunga pansi penipeni, n'chifukwa chake njinga ina imavuta petulo akatsala pang'ono kutha. M'zaka za 2022 mpaka 2024, pamene mizere ya pamalo omwetsera mafuta inkatalika, akabaza ambiri ankadalira petulo wa m'zigubu ndi m'mabotolo, ndipo kumidzi yakutali ndi mafiling'i sitesheni ndi mmene zimakhalira nthawi zonse. Si wogulitsa aliyense amene amachita chinyengo, koma chigubu chimene chinasungapo madzi, kapena chogona panja chosatseka bwino nthawi ya dzinja, chimapereka vuto ngakhale mwini wake ali woona mtima. Petulo wothiridwa palafini ndi nkhani ina: injini imagogoda pachitunda, imafuka utsi, pulagi n'kumada msanga. Kunsi kwa kabureta kuli sikuluwu yokhetsera. Khetserani m'botolo loonekera, lisiyeni likhazikike. Madzi amaoneka pansi, olekana bwinobwino ndi petulo.

M'kati mwa kabureta muli njira zingapo za petulo, ndipo iliyonse ili ndi gawo lake pa akisileta. Kuyambira injini ikulira yokha mpaka pafupifupi kota ya akisileta, imadya kudzera pa jeti yaing'ono. Pakatikati pamalamulira singano. Kuyambira makota atatu mpaka kumapeto ndi jeti yaikulu. Choncho malo amene akisileta imakhala vuto likamabwera amakuuzani njira yoti muyang'ane, ndipo ndi nzeru kulemba timizere pa chogwirira ndi choko kuti muone bwino. Bowo la jeti yaing'ono pa njinga za 125cc ndi 150cc limakhala pafupifupi mamilimita 0.35 mpaka 0.40. Kamchenga kamodzi kapena kachidutswa ka dzimbiri koyandama m'kambale ka kunsi kamatha kukokedwera pabowopo, kutseka, kenaka injini ikazima n'kugweranso pansi. Ameneyu ndiye mwini wake wa vuto lobwera n'kuchoka. Potsuka, musalowetse waya wachitsulo m'jeti. Bowo likakula ngakhale pang'ono, mwachotsa vuto la nthawi zina n'kuika la nthawi zonse. Ndipo kutsuka kabureta thanki ili ndi dzimbiri m'kati ndi ntchito yobwereza sabata yamawa.

Tchoki ndi chida choyezera chimene njinga inabwera nacho kale. Ikayamba kudukiza injini itatentha, kokani tchoki pang'ono mukuyenda. Ikapezako bwino, ndiye kuti petulo amaperewera: jeti yatseka, petulo sakutsika mokwanira, kapena mpweya ukulowera pena posayenera. Malo odziwika ndi mphira wolumikiza kabureta ku injini, amene amang'aluka ndi dzuwa ndi ukalamba, ndipo mng'aluwo umatseguka ndi kutsekeka injini ikamagwedezeka. Ikaipiraipira, ndiye kuti petulo anali wochuluka kale: fyuluta ya mpweya yadzaza fumbi la mwezi wa Okutobala, kapena yanyowetsedwa oyilo wambiri, kapena fuloti ikumatirira n'kumasefukira. Pakapanda kusintha kulikonse, bwererani ku magetsi.

Nthawi zina nyengo zingapo zimakumana pamalo amodzi n'kusokoneza wofufuza. Taganizirani njinga imene imadukiza pokwera zitunda za pakati pa Thabwa ndi Blantyre basi. Pamenepo akisileta imakhala yotsegula kwa nthawi yaitali, ndiye jeti yaikulu ndi katsikidwe ka petulo zili pa mayeso. Kupanikizika m'silinda kuli pamwamba, ndiye koyilo ili pa mayeso. Liwiro ndi lochepa pamene injini ikugwira ntchito yaikulu, mphepo yoziziritsa ndi yochepa, ndiye kutentha kuli pa mayeso. Komanso njinga ikuchoka kuchigwa cha Shire, kumene kuli pafupifupi mamita 100 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, kupita pamtunda wa mamita opitirira 1,000, kumene mpweya ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Kabureta yosavutayi siidziwa kuti yakwera phiri. Imapitiriza kupereka petulo pafupifupi yemweyo pa mpweya wochepa. Njinga imene inali kale ndi petulo wochulukirapo kumunsi imafika pamwamba ikutsamwa. Pamalo otere muyenera kulekanitsa nyengozo imodziimodzi: yesani kukoka moto wonse pamalo athyathyathya injini isanatenthe kwambiri, yesani kuitenthetsa popanda chitunda, kenaka muone imene ikubweretsa vuto payokha.

Gulu lachitatu, la kupanikiza, silikonda kubwera n'kuchoka. Maring'i akatha amakhala atatha, m'mawa ndi madzulo omwe. Koma mavalavu ndi nkhani ina. Pakati pa valavu ndi chokankha chake pamayenera kukhala kampata kakang'ono, pa CG125 mamilimita 0.08 injini ili yozizira, ndipo pa njinga zina buku lake ndilo limanena. Kampataka kakatha, valavu ikatentha n'kutalika siitsekanso bwino, mpweya wopanikizidwa umathawa, ndipo njinga imayamba kuzimazima pamaloboti kapena kuphonya itayenda mtunda. Kiki yopepuka kuposa kale ndi chizindikiro chake. Injini yolira "tiki-tiki" pang'ono kumutu siyoopsa ngati ija yangoti zii mavalavu atathina, chifukwa valavu yosatseka bwino imalephera kutaya kutentha kwake ndipo mapeto ake imapsa. Kuyeza mpatawu ndi ntchito ya theka la ola yosafuna kugula kanthu.

Pulagi imasunga mbiri ya zimene zachitika m'silinda, koma ya mphindi zomaliza zokha. Mukayenda kubwerera pagalaja n'kuisiya injini ikulira chiimire, mbiri ya pachitunda ija yafufutika. Kuti muwerenge zoona, zimitsani injini pomwe ikudukizapo, mutagwira kilatchi, n'kuima pambali. Idikireni izizireko musanamasule, chifukwa mutu wa injini ndi wa aluminiyamu ndipo mazinga ake amaonongeka msanga ukakhala wotentha. Nsonga yofiirira ngati khofi wamkaka ikutanthauza kuti kusakaniza kuli bwino. Yakuda ndi mwaye wouma ikunena petulo wochuluka kapena moto wofooka. Yonyowa ndi petulo ikunena kuti moto unasowa. Yoyera mbee ikunena kuti petulo akuperewera, ndipo imeneyi si yoyenda nayo n'kumati tidzaona mawa, chifukwa injini yoperewera petulo imatentha mopitirira mpaka kuboola pisitoni.

Njinga zatsopano zopanda kabureta zayamba kuoneka, makamaka kuchokera pamene India inakhwimitsa malamulo a utsi mu Epulo 2020 ndipo opanga ambiri anasamukira ku injini zopopera petulo molamulidwa ndi kompyuta. Pa zimenezi kanyali ka injini kakayaka, kompyuta imasunga nambala ya vutolo ngakhale litachoka, ndipo zimenezi zimapeputsa ntchito. Koma pampu ya m'thanki yotopa kapena kasefa kake kotseka nthawi zambiri sizisiya nambala iliyonse, ndipo cholumikizira chadzimbiri chimanamiza kompyuta kuti sensa yafa pamene ili bwino. Mafunso a kutentha, mabampu ndi madzi aja amagwirabe ntchito chimodzimodzi.

Pokonza, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, n'kukayesa pa nyengo yomwe ija imene vuto limabwera, pamsewu womwewo, ndi katundu wofanana. Mukasintha zitatu nthawi imodzi njinga n'kuchira, simudziwa chimene chinali chakufa, ndipo mwataya ziwiri zabwino. Zakale zimene mwachotsa musataye mpaka patapita masiku angapo. Ndikudziwa kuti makaniko wa pamsika amalipidwa akamangirira chinthu chatsopano, osati akatha ola akufunsa ndi kuyeza, ndipo ndi pamene pagona gwero la kusinthasintha kosathaku. Eni njinga akanavomera kulipira ntchito yofufuza payokha, akanapulumutsa ndalama zambiri kuposa zimene akuganiza kuti akusunga. Palinso chifukwa choposa ndalama: njinga yodula mphamvu pamene mukupitirira lole pa M1, muli ndi mayi ndi mwana kumbuyo, si yoti n'kuizolowera.

Vuto likakana kuonekera pamaso pa makaniko, wokwera yekha ndiye amene adzakhalepo likamabwera, ndiye ayende atakonzeka. M'thumba mukhale pulagi ina yodziwika kuti ndi yabwino, sikuludiraiva, ndi kabotolo koonekera kouma. Ikangozima kapena kuyamba kudukiza, aime pamalo otetezeka n'kuchita izi motsatana, mwachangu injini isanazizire: atsegule chivundikiro cha thanki akumvetsera, avule kapu, ailowetse pa pulagi ya m'thumba ija, aigunditse pa injini n'kuponda kiki kuti aone ngati moto ulipo, kenaka, moto uja atathana nawo, akhetse kabureta m'kabotolo kuti aone ngati mukutuluka petulo wokwanira, madontho ochepa chabe, kapena madzi. Akatero alembe pafoni mtunda umene anayenda, mmene msewu unalili, ndi pamene akisileta inali, ndipo kabotoloko apite nako kwa makaniko mmene kalili.